Masamusa a Atelala

Atelala anadzuka ndi mkwiyo Loweruka limenelo, ndipo amene anawakwiyitsa anali atagona kumanda miyezi isanu ndi iwiri. Munthu ungafe bwanji osasiya ngakhale kapepala? Mwamuna wawo uja anasiya masipanala, anasiya maovololo atatu onunkha girisi, anasiya nsapato zoti palibe angazivale poti phazi lake linali ngati bwato, koma kapangidwe ka masamusa anapita nako.

Nkhani yake inali yotere. Atelala anali ndi anzawo atatu: Anesi a kuchipatala, Ahedi amene anapuma ntchito kusukulu koma osapuma kulamula, ndi mayi wa saluni amene onse ankamutcha Wailesi chifukwa pakamwa pake panalibe pozimitsira. Loweruka lomaliza la mwezi uliwonse anayiwa ankakumana masana kunyumba kwa mmodzi, kudya, kumwa ndi kunyozana mpaka dzuwa kupendeka. Lamulo linali limodzi, ndipo analikhazikitsa ndi Ahedi: chakudya chikhale chopanga wekha ndi manja ako. Chogula ayi, cha wantchito ayi. Ahedi ankabwera ndi keke, Wailesi nkhuku yowotcha, Anesi vinyo wa zinanazi wofulula okha m'ndowa kuseri kwa chitseko. Atelala, kwa zaka khumi ndi chimodzi, anali mfumukazi ya masamusa.

Koma masamusawo sankapanga iwo. Ankapanga ndi malemu amuna awo, amakaniko. Chimunthu chachikulu, manja ngati mafosholo. Lachisanu akaweruka kugalaja ankasamba kawiri, kutseka makatani a kukhitchini, n'kuyamba kukanda fulawa uku akuimba. "Mayi, anzanga a kugalaja akadzamva izi ndidzasamuka," ankatero. Atelala ankangopalasa makina awo chipinda chinacho, m'mawa mwake n'kunyamula beseni kukalandira ulemu.

Chimwalirireni bamboyo gulu silinaphonye mwezi, koma linasanduka china chake. Anzawo ankawalankhula motsitsa mawu ngati ali m'wodi. Wailesi, amene kale ankawatcha Kasingano chifukwa cha kuwonda, tsopano ankati "amayi athu". Anesi ankawathirira vinyo theka la tambula n'kudzaza ndi madzi. Iwo akangolowa, nthabwala inkafera m'kamwa mwa woinenayo. "Musavutike ndi zophika, muzingobwera," ankatero onse. Umasiye umapweteka, inde, koma chifundo cha anzako chimakukwirira uli moyo. Atelala ankafuna chinthu chimodzi basi: anzawo abwerere, aziwanyoza monga kale. N'chifukwa chake mwezi wathawo anamenya tebulo nati, "Mwezi wamawa ndi kwanga, ndipo masamusa adzakhalapo."

Anayamba m'mamawa. Nyama yogaya anaikazinga ndi anyezi ndi tsabola, imeneyo sinavute. Fulawa anaikanda, n'kuipyapyalitsa ndi botolo monga ankamvera likugubuduka kuseri kwa khoma. Telala sayeza ndi maso, choncho anatenga tepi yawo, nayeza mzere uliwonse, n'kudula ndi sizasi yodulira nsalu. Kupinda ngodya zitatu kunali masewera kwa munthu wopinda makolala moyo wake wonse. Vuto linali pakamwa pa samusayo. Woyamba atangolowa m'mafuta anayasama ngati nsomba, nyama yonse balala m'chiwaya. Wachiwiri chimodzimodzi. Anatsina ndi zala, anadinda ndi foloko, wachisanu ndi chimodzi anayasamabe.

Anatuluka kukaima pabalaza, pansi pa chithunzi cha malemu, manja ali mbuu ndi fulawa.

"Mukuseka eti? Munkamata ndi chiyani, bambo inu?"

Chithunzicho chinangomwetulira, monga mwini wake ankachitira pa mkangano uliwonse.

Chinthu chikakana kugwirana, telala amadziwa mankhwala ake. Anatenga singano ndi ulusi woyera, nasoka pakamwa pa samusa aliyense motalikitsa, monga amagwirizira diresi mwini wake asanadzayese, poganiza kuti akapsa angosolola ulusiwo. Makumi anayi anasokedwa, makumi anayi analowa m'mafuta, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anayasama. Koma atapsa anauma gwaa, ulusi unakanirira mkati. Akati akoke, ngodya inkathyoka. Kunja kunamveka mawu a Wailesi akukangana ndi galu. Atelala anadula msanga timichira toonekera, nayala masamusawo m'beseni, msoko pansi.

Wailesi analowa chambuyo, atanyamula mphika wa nkhuku, akulankhula ndi Ahedi amene ankabwera pambuyo pake. "Keke yanuyi yakhala pansi ngati matiresi a m'ndende, Ahedi, kapena munaikhalira m'basi..." Atatembenuka n'kuona Atelala, anameza mawu otsalawo. "Mwaswera bwanji, amayi athu? Mwapumako koma?"

"Khalani pansi," anatero Atelala.

Anakhala pabalaza, pakati pa madiresi a eni ake olendewera pamisomali. Makina osokera anali atafundidwa nsalu, ndipo pamwamba pake Anesi anaikapo chigubu cha vinyo. Anathira matambula atatu odzaza, yachinayi theka, n'kufikira jagi ya madzi. Atelala anaona. Anavundukula beseni.

"Abale, abwereranso," anatero Anesi mofatsa ngati akuuza wodwala kuti jekeseni sapweteka.

Ahedi, monga wamkulu, anayamba ndi iwo. Ataluma panamveka phokoso ngati munthu waponda miyala ndi nsapato yachikopa. Anatafuna nthawi yaitali. Atachotsa samusayo pakamwa, ulusi unatsatira, kuchokera m'mano mpaka m'dzanja, wowongoka ngati chingwe choyanikira zovala. Ahedi anaukulunga pachala pang'onopang'ono, naubisa pansi pa mbale.

"Akoma, amayi athu," anatero. "Dzanja lanu silinasinthe."

Wailesi anali akulimbana ndi wake. Lilime linkayendayenda m'tsaya, maso atafiira. Anagwira pakamwa ndi mpango, natsokomola mwaulemu. "Ali ndi kenakake katsopano," anatero. "Kokhalitsa m'kamwa."

Anesi anatembenuza wawo, nayang'ana msoko uja kwakanthawi, kenaka anauponya m'kamwa wonse n'kutsitsira ndi vinyo ngati piritsi.

Atelala anangokhala manja ali pamaondo, akuyang'ana. Anaganiza kuti wachiwiri awagonjetsa. Ayi ndithu. Ahedi anatenga wachiwiri, Wailesi wachitatu, ndipo pansi pa mbale iliyonse pankakula kamulu ka ulusi wonyowa. Ankakamba za mvula. Ankakamba za mitengo ya anyezi. Akazi amene kale ankatha kunyoza munthu chifukwa cha mchere wochepa mpaka iye kulira, lero ankameza ulusi n'kumathokoza. Pamene Anesi anatambasulanso dzanja kubeseni, Atelala analikoka.

"Lavulani."

Onse anasiya kutafuna.

"Ndati lavulani. Akazi akuluakulu atatu, wina anaphunzitsa ana a eni kunena zoona zaka makumi atatu, mukudya ulusi wosokera mayunifomu n'kumati ukukoma. Ine ndinafa kodi? Amene anafa ndi uyo ali pakhomayo. Ine ndili pano, ndimadya, ndimamwa, ndimamva nthabwala. Vinyo wanga mumathira madzi ngati ndine khanda. Mukufuna ndikuuzeni zoti mundimvere chisoni zenizeni? Masamusa aja sindinapangepo ndi mmodzi yemwe. Zaka zonsezi ankapanga ndi amuna anga, atatseka makatani. Ine yanga inali kunyamula beseni."

Kunja galu anayasamula.

Ahedi anavula magalasi, nawapukuta ndi m'mphepete mwa bulauzi, nawavalanso. "Tabwerezani."

"Mwamva."

"Zaka khumi ndi chimodzi?"

"Ndi miyezi inayi."

"Nanga kapangidwe kamene munandilembera papepala kaja, nditakuchondererani?"

Atelala anali ataiwala za pepala limenelo. Anayang'ana kumbali. "Ndinangopeka."

"Zoviika fulawa m'madzi a mandimu tsiku lathunthu?"

"Ndinapeka."

"Zothira masupuni asanu a shuga m'nyama?"

"Munkandikakamira, ndikanatani?"

"Zoti pokanda usalankhule ndi munthu, kuopa angalimbe?" Mawu a Ahedi anayamba kukwera ngati ali pamzere wa ana m'mawa. "Ndinayesa kasanu ndi kawiri. Ndinakhala duu m'khitchini ngati wosalankhula, amuna anga akundifunsa kumene kuli makiyi. Apongozi anga anadya, nagona masiku awiri. Ndinkadziona ngati chitsiru chosatha kutsatira malangizo olembedwa, ine mphunzitsi wamkulu. Mfiti iwe."

Liwu limenelo linawalowa Atelala ngati madzi ozizira tsiku lotentha. Miyezi isanu ndi iwiri osamva munthu akuwatchula kuti iwe.

Wailesi ndiye anaphulika. Anaseka mpaka kutsetsereka pampando, ulusi ukulendewera pamlomo. "Kasingano iwe, wasoka chakudya? Mayi wamkuluwe, unakhala pansi n'kulowetsa ulusi pasingano, n'kumasoka ndiwo? Bwanji sunangoikamo zipi, tizitsekula tokha?"

"Mabatani akanakhala bwino," anatero Anesi. Anatenga samusa mmodzi, namuyang'anitsitsa pawindo. "Koma msoko wokhawu ndiye ayi, ndaugonjera. Dokotala wathu akanamasoka chonchi, anthu bwenzi akutuluka opanda zipsera. Ubwere Lolemba, tikupatse yunifomu."

"Inu mwameza atatu," anatero Atelala. "Muyambe mwadzigoneka nokha m'wodi."

"Ukudziwa chomatira chake?" anafunsa Anesi. "Fulawa pang'ono ndi madzi, kaphala basi. Umangopaka ndi chala."

"Basi?"

"Basi."

"Ndiye bwanji simunanene?"

"Unafunsa? Mfumukazi imafunsa?"

Anesi anatenga tambula ya Atelala, nakhuthulira zamadzimadzizo mumphika wa maluwa, n'kuthira vinyo weniweni mpaka kusefukira. Atelala anamwa theka osapuma. Vinyoyo anali woipa monga mwa masiku onse, wowawasa, wonunkha ndowa, ndipo anawauza Anesi zimenezo. Anesi anayankha kuti munthu wodyetsa anzake ulusi alibe pakamwa ponenera zophika za ena.

Wailesi anadzuka, nakaima pansi pa chithunzi chija akupukuta misozi. "Ndiye amakaniko awa? Ndi manja aja? Ine ndinkawaopa ngakhale kuwapatsa moni."

"Ankavala epuloni yanga," anatero Atelala. "Zingwe zake sizinkakumana kumbuyo, ndinachita kulumikiza ndi lamba wa diresi la kasitomala. Ndikamabwerako kwanuko ankandidikirira pakhomo, funso lake limodzi: Ahedi adya angati? Ndikati asanu ndi mmodzi, ankayenda chonyada sabata yonse."

"Asanu ndi mmodzi sindinadyepo," anatero Ahedi.

"Enawo munkaika m'chikwama."

Anaseka onse, ndipo Atelala anaseka kuposa anzawo, mpaka kusekako kunapotoka pakhosi n'kusanduka china. Anagwira kumaso ndi epuloni, mapewa akugwedezeka. Wailesi anayandikira, nkhope itayamba kale kufewa. "Pepani, amayi a..."

"Ungoyerekeza," anatero Atelala ali m'kati mwa epuloniyo.

Wailesi anaima. Anayang'ana Ahedi, nayang'ana Anesi. "Ndimati ulire msanga, nkhuku ikuzizira. Komanso ukamalira umanyansa, mphuno imatupa ngati tomato."

Atelala anamina, napukuta m'maso, n'kumaliza vinyo uja.

Ahedi anagogoda tambula ndi supuni. Anati lamulo laswedwa kwa zaka khumi ndi chimodzi ndi miyezi inayi, ndipo nkhani yotere singathe ndi misozi. Chigamulo chinali chakuti mwezi wamawa Kasingano adzaphikire kunyumba kwa Ahedi, makatani ali otsekula, mboni zitatu zitakhala pamipando ndi matambula m'manja, ndipo asanalowe m'khitchini adzasechedwe m'matumba kuopa singano.

"Nanga awa titaye?" anafunsa Wailesi akuloza beseni. Anaswa mmodzi pamphepete pa tebulo, natola nyama ndi chala, n'kulawa. Anatolanso kachiwiri. "Iyi wakazinga ndani?"

"Ukuona ngati uyo watsika pakhomapo?"

"Ayi, ndimangofunsa. Ilibe vuto kwenikweni. Yachepa mchere, koma munthu atha kudya osaitanitsa Anesi."

Atelala anapita pamakina, natsekula kadirowa, n'kutulutsa timasizasi titatu ndi kachitsulo kophwasulira msoko. Anagawira aliyense chake, pamodzi ndi masupuni. Akazi anayi anazungulira beseni, magalasi ali pamphuno, kuphwasula masamusa mmodzimmodzi, kukokota nyama, zikhokho kuponyera galu amene anazinunkhiza n'kuchokapo.

"Ndikupezera mwamuna wina wodziwa kuphika," anatero Wailesi m'kamwa muli nyama. "Pali wina amabwera kudzameta kwa mnzanga, amagwira ntchito kuhotela. Mano alibe, koma dzanja ali nalo."

"Ngati ndi wabwino chotero mutenge iweyo, mwina tingadyeko nkhuku yakupsa mkati."

"Nkhuku yanga yatani?"

"Ikanali ndi moyo. Anesi, tayiyezani, mwina mtima ukugundabe."

Wailesi anaika sizasi pansi, napinda manja a bulauzi, n'kukoka mpweya wautali. Atelala anakankhira tambula yawo kwa Anesi, nakhazikika bwino pampando kuti amve zonse.