Lamba Wosadulidwa

"Usaigwire choncho, iwe," anatero Outi. "Walozetsa kwa amayi."

"Mulibe kanthu m'katimu."

"Wayang'anamo?"

Jouni anatsitsa mfuti imene mlongo wakeyo ankanena. Anaika mfutiyo patebulo ngati nsomba yoyamba kununkha, n'kupukutira manja m'buluku lomwe anavala kumaliro. Anali m'chipinda chapansi cha nyumba ya makolo awo, kunja kwa tauni ya Kouvola, ndipo bambo awo, a Raimo, anali ataikidwa m'manda Loweruka lapitalo. Kabati yachitsulo inali yotsegula. Amayi awo, a Sinikka, anakhala pamasitepe atafumbata kapu ya khofi wozizira kale.

Mfuti za munthu womwalira sizikhalitsa m'nyumba mopanda mwini chilolezo, ndipo Jouni ankafuna nkhaniyi ithe asanabwerere ku Tampere. Anali ataitana a Pentti, mnzawo wa bambo wa kukalabu ya oombera mfuti, amenenso anali ndi kashopu ka mfuti, kuti adzatenge zonse masana omwewo.

"Yasilivayi siipita," anatero Outi. "A Pentti andisungira kufikira chilolezo changa chitatuluka."

"Uchite nayo chiyani? Iweyo unasiya kalekale."

"Sindinasiye."

"Unapitako liti komaliza?"

Funsolo linamubaya, chifukwa yankho aliyense m'nyumbamo ankalidziwa. Outi anayamba masewera oombera mfutiwa chaka chatha, ali kale ndi zaka zopitirira makumi atatu, atatopa kuwaseka bambo ake kuti ndi nkhalamba yothamangathamanga pakati pa makatoni oomberapo. Analowa kalabu, nabwereka mfuti ya komweko, ndipo zinamulowa m'magazi: kuima manja ali lende, kumva kawotchi kakulira, kusolola mfuti m'chiuno, kuombera zandamale uku akuthamanga. Anafika polembetsa mpikisano wake woyamba.

Ndiye tsiku lina m'chilimwe anapempha bambo ake kuti amubwereke mfuti yawo yampikisano, yasiliva ija, yokhala ndi kagalasi ka kadontho kofiira pamwamba. A Raimo anayankhira pagulu, monga ankachitira ndi chilichonse.

"Iyi si yoyambira. Gula kaye magalasi, zotseka m'makutu ndi nsapato zosaterera."

"Zonsezo ndili nazo."

"Ndiye gula lamba. Komanso iwe ndiwe wamanzere, ine ndikakuyang'ana mutu umandizungulira. Sindingakuphunzitse."

Anthu anaseka, osati mwankhanza, koma anaseka. Outi anabweza mfuti ya kalabu, nakwera galimoto, ndipo kubwaloko sanapondekonso. Foni sanaimbe, nawonso bambo sanaimbe. Masamba atayamba kuyoyoka, mtima wa a Raimo unaima ali kuseri kwa sauna, kanyumba kosambiramo nthunzi, akuwaza nkhuni. Tsopano Outi ankafuna mfutiyo, ndipo mumtima ankadziwa kuti sakuifunira kuombera. Ankafuna kutenga chimene anamumana. Akapanda kuitenga, za mfuti anali atatsimikiza kuti basi, zathera pomwepo, popeza mwini masewerawo sanamufuneko.

A Pentti anafika mvula ikuwaza. Anavula nsapato pakhomo, natsika masitepe ndi masokosi, napereka dzanja kwa a Sinikka. Kenako anatenga mfuti imodzi ndi imodzi, kuitsegula, kusuzumiramo, n'kuonetsa aliyense kuti mulibe chipolopolo.

"Mwaona, achimwene?" anatero Outi. "Amatero anthu."

"Chabwino, aphunzitsi."

Outi atanena za yasilivayo, a Pentti anaipima m'manja, nakanda chibwano.

"Kukusungira ndingakusungire. Koma mwanawe, iyi ndi hatchi yolusa. Ukangoikhudza ndi chala yalira kale. Imafuna zipolopolo zake, imafuna woidziwa ikanyanyala. Wongoyamba kumene ikhoza kumubisira zolakwa zake zonse, kapena kumuboola phazi."

"Ndiye mawu a bambo omwewo."

"Amanena zoona. Kanenedwe kokha ndiye sankakadziwa."

"Tengani zonse ndiye," anatero Outi, mawu ali gwa. "Zonse, ndi malamba omwe. Jouni asangalale."

"Ine ndasangalala ndi chiyani pamenepa?" anatero Jouni. "Bambo ndi anganso, iwe."

"Talekani, nonse awiri," anatero amayi awo ali pamasitepe pomwepo.

A Pentti anayamba kulongedza. Anakulunga yasiliva ija m'nsalu, natsegula dirowa yapansi m'mene munkakhala zida za tsiku ndi tsiku. Anatulutsamo mfuti yakuda, yosakongola, yofufuka m'mbali, imene a Raimo anayambira nayo ana ali aang'ono. Pansi pake panali lamba wolimba wampikisano, timatumba ta magazini a zipolopolo ndi chikwama cha mfuti zili zomangirira kale. A Pentti anamunyamula, naseka pang'ono m'mphuno.

"Uyu ndiye anatiseketsa. Raimo ndi phewa lake!"

"Phewa lanji?" anafunsa a Sinikka.

"Lamanja. Akuti linkawawa, mpaka anasamutsira chikwama kumanzere. Chilimwe chonse munthu uja amaombera ndi dzanja lamanzere, ndi chimfuti chakalechi. Raimo amene ankatisiya tonse kumbuyo anafika popitidwa ndi dokotala wamano uja, amene amatsinzina akamaomba. Magazini kugwa pansi, dzanja kuphonya chikwama. Tinkamuuza kuti mkulu, kapumeni, phewa lipole. Iye ndi kungoti, bwezerani kawotchiko."

A Sinikka anaika kapu pasitepe.

"Phewa silinamuwawepo Raimo. Nkhuni zonse zili panjazo anawaza ndi dzanja liti?"

Kunja madzi ankatsika m'paipi ya denga.

"Koma kudya ndiye ankadyera kumanzere," anapitiriza amayiwo pang'onopang'ono. "Supu pamalaya, khofi pansalu yanga yapatebulo. Kutsuka mano kumanzere, kumeta kumanzere, mpaka kudzicheka kukhosi. Ndinachita mantha, ndinati mwina ndi matenda opha ziwalo. Ndinamukokera kuchipatala, adokotala n'kuti dzanja lili bwinobwino. Pobwerera ndinamufunsa, akuti, Sinikka, munthu ali ndi manja awiri. Usiku wina uliwonse ankatsikira muno, ine kumangomva kuti tche, tche, mfuti yopanda kanthu."

Outi anatenga mfuti yakuda ija. Anaitsegula, nasuzumiramo, naonetsa a Pentti, kenako anaifumbata ndi dzanja lamanzere. Chala chake chachikulu chinakagwera chokha pakabatani kotulutsira magazini. Pamfuti ya kukalabu kabatanika kankakhala mbali inayo, ndipo iye ankachita kupotoza dzanja kuti akapeze, pamene bambo ake ankamuyang'ana chapatali nsidze zili pamodzi. Apa munthu anali atakamasula n'kukatembenuzira mbali ya wamanzere. Utoto wake unali utayamba kale kufufuka.

"Zinayamba liti, amayi?"

"Ukufunsa ngati sukudziwa. Mlungu womwe uja unachoka kubwalo utakwiya."

Jouni, amene ankangoimirira manja ali m'thumba, anatola lambayo kuti amuike m'katoni, koma anaima. Anamutembenuza, namuyandikizitsa kunyale.

"Nanga izi?"

M'kati mwa lambayo, cha kumapeto, munali timizere toyera tojambula ndi cholembera, totalikirana pang'onopang'ono. Tina tinali tofufuta ndi chala, tina tobwereza.

A Pentti anavala magalasi awo. "Apa ndi podula. Malamba amenewa amabwera aatali, mwini amadula malinga ndi chiuno chake. Koma timizereti si ta mimba ya Raimo ayi, ameneyo akanadula apa sakanapuma."

"Anandifunsa saizi ya buluku lako," anatero a Sinikka, akuyang'ana mwana wawo wamkazi. "Ndinamuuza kuti foni ili apo, mufunse wekha. Anangoti hm. Tsiku lina ndinamupeza akuyeza siketi yako yakale ndi tepi ya akalipentala. Munthu kulolera kuphunzira kudya ndi dzanja lina kusiyana n'kuimba foni! Ndipo iwe usandiyang'ane choncho, nawe foni unali nayo."

"Nanga bwanji sanangodula?" anafunsa Jouni.

"Lamba ukadula sumulumikizanso," anatero a Pentti. "Amadula mwini wake atavala."

Outi anakhala pampando wa bambo ake. Chisoni chimene chinakana kubwera kutchalitchi, pamene anthu ankaika maluwa pabokosi, chinamupeza apa, pakati pa fungo la mafuta a mfuti. Analira pang'ono, mokwiya, akupukuta mphuno ndi mkono wa juzi. Palibe anamugwira paphewa, ndipo anayamikira zimenezo.

"Ndiye ndisunge iti?" anafunsa a Pentti patapita kanthawi.

"Yakudayi."

"Yasiliva?"

"Ipite kwa woidziwa."

"Loweruka timayamba m'mawa. Ubwere ndi nsapato zosaterera."

"Ndili nazo, a Pentti."

"Ndamva kuti uli nazo."

Outi anaimirira, nazunguliza lambayo m'chiuno. Lambayo anali wamtali moti mapeto ake anakafika kumsana. Chikwama chinakhala kumanzere, pamene dzanja lake limagwera likangolendewera. A Sinikka anakwera masitepe, ndipo anamveka akutsegula madirowa kukhitchini. Anabwerera ndi sizasi yaikulu yodulira nkhuku, naipereka kwa Jouni.

"Ine?"

"Iwe. Mlongo wako sangadule ali chivalire."

Jouni anagwada ndi buluku lake la maliro pansi pafumbi. Anakoka lambayo mpaka Outi anati basi, naika chala pamalopo, napinda kuti aone m'kati.

"Apa palibe mzere," anatero. "Yonse anaphonya. Wapafupi wasiyana ndi chala chimodzi."

"Dula pamene pali chala chakopo," anatero amayi awo. "N'chifukwa chake anadikira."

Sizasi inavutika pang'ono ndi kulimba kwa lambayo, kenako inadula. Kachidutswa kotsalako kanagwa pansi timizere tili m'mwamba. A Sinikka anawerama, nakatola, nakaika m'thumba la epuloni yawo.