Mbale za Mayi Bogumiła

Mayi Bogumiła sankadziwa kubisa mawu. M'mawa wa pa 11 Novembala, tsiku lokumbukira ufulu wa dziko lawo la Poland, anauza amuna awo uku akukanda ufa kuti, "Lero pakapanda kubwera munthu pakhomo pano, ine Khirisimasi ndikadyera kwathu ku Poznań. Ntchito ya Mulunguyi mutsala nayo nokha."

Bambo Zdzisław anangokhosomola. Mpingo unawatumiza ku Korçë, ku Albania, onse awiri atapuma pa ntchito. Miyezi isanu ndi itatu inali itatha, koma anansi ankangowapatsa moni wa pamsewu. Wolowa m'nyumba panalibe.

Mayiwo anaphika rogale, mabanzi opindika ngati nyanga amene kwawo sasowa pa tsikuli. Zala zinkawawa ndi nyamakazi, koma anapinda makumi atatu. Anawaika m'mbale zisanu ndi imodzi za malemu mayi awo, n'kutuma bambowo kukagawa khomo ndi khomo.

"Mukawauze kuti pobweza mbale, masana ano, adzakhale pansi timwe tiyi."

"Ndikawauza. Ine ndinayamba ndakutsutsanipo?"

Masana anakwana. Mbendera yawo, yoyera pamwamba yofiira pansi, inali pazenera. Tiyi anazizira, anamutenthetsanso, n'kuziziranso. Mayiwo, mbale ya mnzawo ankatsuka n'kubweza asanapukute m'manja, ndiye mtima unawawawa kwambiri.

"Mwaona? Mabanzi adya, mbale za mayi anga asunga. Tsitsani sutikesi."

"Mayi, tadikiraniko pang'ono."

"Ndadikira chiyambire Malichi, bambo inu."

Bambowo anakwera pampando n'kuyamba kukoka sutikesi pamwamba pa kabati, mwadala pang'onopang'ono. Ili pansi, kunamveka kugogoda.

Anali Mayi Vjollca, ogulitsa masamba pakona, ndipo kumbuyo kwawo anthu anadzaza masitepe. Mbale zonse zinalipo, iliyonse yovundikira ndi kansalu.

"Pepani tachedwa, anzanga," anatero Mayi Vjollca. "Koma inunso kutidzidzimutsa chonchi? Kuno mbale sibwerera yopanda kanthu, kumeneko n'kunyoza mwini wake. Tonse takhala tili pamoto chiyambire m'mawa. A Drita awa mpaka anapsereza, n'kuyambiranso."

"Bodza limenelo, ndi uvuni wanga wokalamba," anayankha Mayi Drita, atanyamulanso poto wa nyemba chifukwa mbale inawachepera.

Mayi Vjollca anavundukula yawo. Mbali ya kumtunda anayala tchizi woyera, kumunsi tsabola wofiira wootcha.

"Ndinachita kudzasuzumira mbendera ya pazenera panu kawiri, kuopa kusemphanitsa mitundu."

Mayi Bogumiła anayang'ana mbale ya mayi awo ija. Kenako anaweramuka, n'kuima nji pafupi ndi zenera, nayamba kuimba nyimbo ya fuko lawo. Alendowo sankamva ngakhale liwu limodzi, komabe onse anaimirira, azibambo n'kuvula zipewa. Mayiwo ananyadira dziko lawo kuposa mmene ankachitira ali kwawo, ndipo anaimba mavesi onse osadumpha.

Anthu atabalalika, bambowo analoza sutikesi ndi phazi.

"Nanga iyi?"

"Bwezerani pamwamba. Mukatero mukagule ufa. A Drita asiya poto wawo, ndipo ine sindingawabwezere wopanda kanthu."