Amayi a Buluu a kwa Mwambo

Gerishomo ankajambula makanema a makwaya kwa Mwambo konse. Luso lake linali loimika anthu patsogolo pa nsalu yobiriwira, kenako pa kompyuta n'kuchotsa nsaluyo, kumbuyo kwawo n'kuikako chilichonse chimene afuna. Amayi a kwaya ya kutchalitchi kwawo anapempha kuti aoneke akuimba ataima pamwamba pa madzi a nyanja ya Chilwa, osanyowa ngakhale chidendene.

Atangowajambula, kompyuta yake inapsa, ndiye anabwereka ya msuweni wake Makisoni. Pulogalamu inali yomweyo, koma purosesa, ubongo wa makinawo, inali yamtundu wina, ndipo inkasokoneza mitundu. Chofiira inkachiyesa buluu, buluu n'kumuyesa chofiira.

Kanema atatuluka, nyanja yathu yamatope ija inali buluu wokongola zedi. Amayi nawonso nkhope zawo zinali buluu, mano okha ali mbee.

Mayi Agnesi, wapampando wa kwayayo, anayang'anitsitsa kwa nthawi.

"Nyanjayi musaikhudze, yakhala bwino," anatero. "Koma ineyo pamenepa ndadwala chiyani?"

"Si inu, mayi. Makinawa akutembenuza mitundu."

"Atembenuzeninso abwerere."

Gerishomo anadina paliponse podinika, koma sizinatheke. Kenako nzeru inamubwerera. Ngati makinawo akusandutsa khungu kukhala buluu, ndiye kuti khungu la buluu alisandutsa labwinobwino. Anakagula buluu wochapira zovala pagolosale, nawafotokozera amayiwo mofatsa, ngati adokotala.

Anamvera. Anasungunula buluuyo m'beseni, kudzolana kumaso, m'khosi, mpaka m'zigongono, naimanso pansalu paja kuti ajambulidwe, dzuwa lili paliwombo. Thukuta linkatsikira m'mabulauzi oyera. Bambo wina wogulitsa matemba anatsika panjinga, anavula chipewa, n'kudutsa chakumbali.

Madzulo ake Makisoni, pomvera chisoni msuweni wakeyo, anatenga kompyuta ija kupita nayo ku Zomba, kumene mnzake anaikamo pulogalamu yatsopano yokonza vutolo. Anaibweza mwakachetechete, kuti Gerishomo adzadabwe.

Anadabwadi. Nyanja inabwerera matope ake, ndipo amayi anatuluka buluu weniweni, wawo wodzola okha, mizere ya thukuta ikuoneka bwinobwino. Gerishomo anakhala masiku angapo akuzungulira njira ya kuminda ya mpunga poopa kudutsa pakhomo pa mayi Agnesi.

Koma mmodzi wa amayiwo anali atatumiza kale kanemayo kwa mlamu wake, ndipo kanemayo anayenda m'mafoni mpaka kuwoloka nyanja. Abusa a kuchilumba cha Chisi anaimba foni kuitana kwayayo ku chitsitsimutso, natsindika kuti ibwere chimodzimodzi monga ikuonekera pakanemapo, poti anthu akufuna kuona ndi maso.

Mayi Agnesi anampeza Gerishomo atabisala kuseri kwa nkhokwe.

"Tulukani, achimwene," anatero. "Loweruka tikukwera boti. Mukagule mapaketi ena a buluu, oimba alito akuti ulendo uja sanakwanire."