Chimfine cha Bambo a Victoria

Amuna anga a Benson ndi ocheka matabwa kuno ku Phiri la Zomba. Mtengo wa paini amaugwetsa akuimba mluzu, thabwa amatsika nalo pamutu osapumira. Koma chimfine chikangowagwira, ee, mungati ndi munthu wina. Amabuula kuti anansi onse adziwe, ndipo kapu ya madzi ili pambali pawo pomwepo amaitana ine amene ndili kuseri.

Chaka chimenecho chinawagwira mu Juni, chiperoni chitakuta phiri lonse, zovala osauma pachingwe. Chinasankhanso nthawi yoipa, chifukwa sabata yomweyo mwana wathu Victoria anabereka mwana wamkazi, mdzukulu wathu woyamba. Victoria amakhala kumusi ku Masongola ndi mwamuna wake Trevor. Kwathu mwana wako akabereka koyamba, womuthowa ndi madzi otentha ndi kumusambitsira khandalo mpaka mchombo ugwe ndi iwe mayi wake. Ntchito imeneyi ndinaidikira kuyambira tsiku la ukwati wake. Chikwama ndinali nditalongedza kale, ufa wa phala ndi zitenje zatsopano zili momwemo.

Victoria anaimba foni atangotuluka m'chipatala.

"Amayi, bwerani. Koma anamwino anena kuti wa chimfine asayandikire mwanayu, wabadwa wochepa thupi. Ndikumva adadi akutsokomola kumeneko. Inu muli bwino?"

"Ine ndili gwa, mwana wanga. Ndingowadzutsa bambo akowa, ndikubwera."

Basi ndinayamba nkhondo. M'mawa madzi otentha a mandimu ndi jinja wosinja, ndi supuni ya uchi. Masana adyo, amene ankameza akutukwana. Madzulo madzi amchere osukusira kukhosi. Ine ndinasamuka kuchipinda n'kukagona pamphasa pabalaza, kapu yanga ndinaibisa, ndipo ndikawapatsira chakudya ndinkatembenuzira nkhope kukhoma. Msana unkawawa, maso ankalemera, koma mphuno zanga zinali mbee.

Ndiye kunabwera odzazonda matenda. Inu mukudziwa, wodzazonda sabwezedwa pakhomo. Anabwera anzawo ocheka nawo matabwa, anabwera amayi a kumpingo, aliyense ndi mankhwala ake pakamwa, m'manja mulibe kanthu. Aliyense tiyi. Wina akaona botolo la uchi patebulo, "Tiyeseko pang'ono, nafenso kukhosiku sikuli bwino." Ine kumbaula, ine kumpopi, ine kukaperekeza. Wodwala weniweni akaona anthu ankakhala tsonga n'kumafotokoza matenda ake kuyambira pachiyambi, ngati nkhani ya pawailesi.

Tsiku lina masana ndinathyola masamba a bulugama ndi a gwafa, ndinawawiritsa m'poto wamkulu kuti bambowa adzifukize. Panali a Esitere, mnansi wathu, ndi amayi ena awiri a kumpingo. Ndinaika poto pansi, ndinawakhazika a Benson pakampando, ndinatenga bulangeti kuti ndiwafunditse.

"Ayi, ine ndekha sindilowa mmenemo," anatero. "Mutu ukuzungulira. Ndikakomoka ndigwera m'potomo. Lowani nanu mundigwire, amake Victoria."

"Bambo a Victoria, mwaiwala kuti ndili ndi ulendo? Ndikugwirani mapewa ndili kunja kuno."

"Mwamva?" anatero poyang'ana alendo aja, mawu atawafooketsa dala. "Ndasanduka wonyansa m'nyumba mwanga."

A Esitere anaomba m'manja. "Aa, amake Victoria, amuna anu omwe? Tonsefe timalowa nawo. Nthunzi ya bulugama imapha chilichonse mkatimo, inunso mutetezeka."

Amayi a kumpingo aja anangondiyang'ana. Ndinadziwa kuti pofika Lamulungu nkhani idzakhala yoti mkazi wa a Benson amanyansidwa ndi mwamuna wake wodwala. Ndinagwada, ndinalowa.

Mkatimo munali mdima ndi kutentha koti thukuta linayamba kuyenderera nthawi yomweyo. Ndinawagwira m'mapewa, ndinayesa kupuma pang'onopang'ono ndi nkhope cham'mbali. Nthunzi inagwira ntchito yake, inatsekula zonse. Ndinangomva akukoka mpweya, kenako etsi! Kumaso kwanga kwenikweni. Asanapepese n'komwe, etsi kachiwiri. Kunja a Esitere akuti, "Eya, chikutuluka chimenecho!"

Chinatulukadi. Posakhalitsa a Benson anadzuka m'mawa wina ali bwinobwino, anadya mbatata mbale yodzaza, anatenga sowo wawo n'kupita kunkhalango akuimba mluzu. Ine m'mawa womwewo ndinamva kukhosi kukukanda.

Ndinalimbana nacho, Mulungu ndi mboni. Uchi unali utatha ndi alendo aja, mandimu atatsala ouma okhaokha. Ndinatafuna jinja wamuwisi mpaka lilime kuchita dzanzi. Ndinadzifukiza ndekha, popanda wondigwira mapewa. Victoria akaimba ndinkayamba ndameza madzi otentha kuti mawu amveke bwino.

"Amayi, mukubwera liti? Apongozi anga afika kale, koma ine ndikufuna inu. Ndikuopa kumugwira mwanayu m'madzi."

"Mawa, mwana wanga."

Ndinadziuza kuti ndi kuzizira chabe kwa kuphiri, ndikatsika kutauni kofunda chitha. Ndinadzola mafuta a bulugama pachifuwa, ndinamanga mpango m'khosi, ndinakwera lole ya matabwa yotsika. Njira yonse yokhotakhota ija ndinali ndi jinja m'tsaya, mafupa akuphwanya, ndikudzinamiza kuti ndi mabampu.

Ku Masongola ananditsekulira geti ndi Trevor, n'kundilandira chikwama. Victoria anatulukira pakhomo akuyenda pang'onopang'ono, nkhope itatupa ndi kusowa tulo, kanthu kakang'ono kali m'shawelo yoyera. Atandiona anayamba kulira.

"Amayi, mwachedwa. Nayu, mulandireni."

Anatambasula manja. Ndinaona kachipumi, katsitsi konyowa, kadzanja kofumbata kosaposa chala changa chachikulu. Manja anga anali atanyamuka kale okha. Pomwepo m'mphuno munayamba kunyerenyetsa, kuja kumene sikubwezeka. Ndinabwerera m'mbuyo, ndinatembenuka, ndinayetsemulira m'chitenje mpaka misozi.

Victoria anasendera pafupi, mwana ali m'manja.

"Usandipatse," ndinatero. "Lowa naye m'nyumba. Ndakunamiza, mwana wanga, ndili nacho."

"Amayi, mwina ndi fumbi la pa lole."

"Si fumbi. Lowa."

Asewele anga, amake Trevor, anatuluka n'kumutenga mwanayo m'manja mwa Victoria. Sanandinyoze, ayi, ndipo zikanakhala bwino akanandinyoza, ndikanapeza wokwiyira. Anati pepani asewele, ananditulutsira mpando pakhonde, ananditumizira tiyi wa mandimu wothira uchi wambiri. Ndinamwa. Sindinamve kukoma kulikonse.

Dzuwa litapendeka inakwana nthawi yosambitsa mwana. Ndinakokera mpando pafupi ndi zenera la kuchipinda, lotseka, ndinasuzumira pagalasi. Asewele anathira madzi m'beseni, anayesa ndi chigongono, anamuvula mwana uja. Victoria anakhala pabedi, maso ali pa ine. Kamwanako katangokhudza madzi kanalira, kamutu kakugwera cham'mbuyo.

Ndinaimirira. Ndinafuna kunena kuti gwirizani khosilo, asewele, ikani dzanja pansi pa mutu. Ndinatsekula pakamwa, koma mawu anali atapita, munangotuluka kamphepo. Ndinagogoda pagalasi. Asewele anacheuka, anamwetulira, ananyamula mwana uja pang'ono kuti ndimuone bwino, n'kupitiriza kumusambitsa mwa njira yawo.