Chotsekera cha Lolo Pasyo

Kwawo kwa Doray, kumapiri a Danao, ntchito sinkayamba agogo ake, a Lolo Pasyo, asanatsegule mfuti yakale ija. Inali yam'manja, yothyokera pakati. Ukakankha kachotsekera ndi chala chachikulu, mpope wake unkagwada, mabowo a zipolopolo n'kuonekera. Agogowo ankasuzumira thambo kudzera m'mabowomo n'kunena kuti, "Mulibe kanthu." Pamenepo m'pamene tupa zinkayamba kulira m'chisakasa chopangira mfuti. Iyoyo inasiya kuwomba kalekale, koma aliyense pabanjapo anaphunzirira ntchito pa iyo.

Sitiroko itawagwira agogowo, dzanja lawo lamanja linafooka. M'mawa woyamba atachokera kuchipatala anakankha chotsekeracho mpaka thukuta kamukamu, osatheka. Anaika mfutiyo pansi, natembenuzira mpando wawo kukhoma. Kampira kofinya kamene anawapatsa kuchipatala anaponyera galu.

Doray anali mtsikana wosayankhulayankhula, wongomaliza kumene sukulu, koma mawu a dokotala sanamuchoke m'mutu: dzanjalo likangokhala osagwira kanthu, liumiratu.

Bambo ake, a Gaudioso, anachita zomwe mmisiri aliyense wakumeneko akanachita. Anaona chitsulo chikuvuta, ndiye anakonza chitsulocho. Anapala sipuling'i ya chotsekera mpaka inafewa ngati tsamba.

"Tay, tayesaninso. Mafuta ndi amene anasowa," anatero, poti kwawoko bambo amati Tay kapena Tatay.

A Lolo anangokhudza, mfuti n'kugwada yokha. Anamuyang'anitsitsa mwana wawoyo.

"Gaudioso, unaphunzitsidwa ndi ine kapena ndi mbuzi? Chotsekera chotseguka nkhuku ikayetsemula? Chotere chimakutsegukira kumaso powomba. Wandiona ngati khanda eti?"

"Ndimati ndikuthandizeni, Tay."

"Kathandize mkazi wako kupala kokonati. Tupa yakukanika."

Doray anamva zonse ali kuseri kwa chitseko, manyazi a bambo ake akumugwira iyeyo. Masana amenewo anatenga ambulera pakhonde, n'kuyamba kudula nthiti zake ndi kuzipinda kuti apange masipuling'i a chotsekera. Zambiri zinathyoka, ina inamucheka chala. Atamupeza bambo ake anangomusonyeza popinda, iwo n'kukhala pambali kusula sipuling'i ina yolimba ngati yoyamba ija.

Kutacha Doray anawapititsira agogo kapu ya sikwate, koko wawo wotentha, pamodzi ndi tizitsuloto pambale. Mawu anali atawakonza bwino, koma atafika pampandopo anatuluka ang'onoang'ono.

"Lolo, ine sindikunamizani. Iyi ndi yofewa, iyi yapakati. Yeniyeni a Tatay asulanso, koma ndasunga ine. Mudzaiona mukathana ndi izi."

"Ukundibwezera kalasi yoyamba, Day?"

"Inenso munandiyambitsa ndi tupa yobuntha."

Agogowo anatola kamodzi ndi dzanja lamanzere, kukatembenuza, kukayesa ndi chikhadabo.

"Ambulera ya ndani imeneyi?"

"Ya a Lola."

"Ya mkazi wanga? Basi tafa tonse awiri." Pakona ya mlomo wawo wopindika ndi sitiroko panagwedera pang'ono. "Ika yofewayo. Koma usandiyang'ane."

Doray anayang'ana kukhoma, akumva mpweya wawo ukukwera ndi kutsika. Tsiku limenelo sinatseguke. Idadzatseguka patapita masiku, mvula ikugwa, a Lola akufunafuna ambulera yawo nyumba yonse.

Yapakati inawavuta kwambiri. M'mawa uliwonse a Gaudioso ankaima ndi tupa m'manja, osayamba ntchito mpaka bambo awo atayesa n'kutopa. Masiku ena agogowo ankatukwana chala chawo ngati wantchito waulesi. Ena ankangoti chete, ndipo amenewo ndi amene Doray ankawaopa.

M'mawa wina, iye akuthira sikwate, anamva kuti kete! Sanacheuke msanga, poopa kuti mwina ndi supuni. Atacheuka anapeza mfuti yagwada, agogo ataikweza ndi dzanja lamanja, diso lili pabowo.

"Mulibe kanthu," anatero.

Tupa ya a Gaudioso inayamba kulira. A Lolo anatseka mfutiyo pang'onopang'ono, natambasulira Doray chikhatho.

"Bweretsa yobisa ija, Day. Iyi yayamba kundinyengerera."