Diso la Bojtár

Etelka anali atazungulira kale bwalo la alamu ake katatu, chingwe cha galu wake Szikra chili m'manja, pamene alamu akewo, Dezső, anatulutsa mphongo yake, Bojtár, m'khola. Mtima wa Etelka sunali m'malo. Szikra anali pa nyengo yokweredwa, tsiku lakhumi ndi chiwiri, ndipo aliyense woweta agalu okusa nkhosa a mtundu wa mudi kuno ku Karcag amadziwa kuti zikafika apo kwatsala masiku awiri kapena atatu basi. Komanso galuyo amakwanitsa zaka zisanu ndi zitatu mu Ogasiti, msinkhu umene bungwe lathu la oweta limasiyira kulembetsa ana.

Pa agalu onse amene malemu bambo ake a Etelka ankakusira nkhosa, mbewu imene Etelka anatsala nayo inali mwa Szikra yekha. Ana ake oyamba Etelka anagawa onse, poganiza kuti nthawi ilipo yambiri. Ambiri anafulidwa, ena sakudziwika komwe ali. Tsopano ankafuna kagalu kakakazi kamodzi kokha koti kakhale kake.

Dezső, mkulu wake wa mwamuna wa Etelka, ndi munthu woti ukamufunsa za mvula amakuyankha za galu wake. Koma pa Bojtár sankanama. Anali galu wa chifuwa chabwino, makutu ali njo, ubweya wotuwira ngati udzu wouma, ndipo m'chiuno anamuunika n'kumupeza bwinobwino. Szikra atangomuona anayamba kukoka chingwe.

Etelka anagwada kuti amusisite Bojtár kumutu. Dzuwa litamuwomba galuyo kumaso, Etelka anaona kadontho kobiriwira m'diso lakumanzere, kakang'ono ngati njere ya mapira.

"Alamu, bambo wake wa galuyu anali wa maonekedwe otani?"

"Ngwazi ya ku Debrecen. Mukufunanso dzina la wansembe amene anamubatiza?"

Etelka sanaseke. Anapempha chikalata cha makolo a galuyo, ndipo Dezső anapita kukachitenga akung'ung'udza. Zinalembedwa poyera: bambo wake wa Bojtár anali wamawangamawanga. Szikra nayenso ndi wamawangamawanga.

Agalu awiri amawanga sakweretsana. Mwa ana anayi alionse, mmodzi amatha kubadwa woyera mbee, wogontha, mwinanso wosaona. Dezső ankazidziwa zimenezi, sanali mlendo pa ntchitoyi. Chimene anaiwala, kapena anasankha kuiwala, n'chakuti ubweya wotuwira umabisa mawanga monga laimu amabisira mng'alu wa khoma. Galu amaoneka wa mtundu umodzi, koma mawangawo ali m'magazi, ndipo nthawi zina amaonekera pa kadontho kobiriwira m'diso.

Etelka anati atenge malovu a Bojtár pa kathonje akayezetse. Dezső anafunsa kuti yankho limatenga nthawi yaitali bwanji, ngakhale ankadziwa.

"Masabata awiri?" anatero atayankhidwa. "Pofika pamenepo gogo wanuyu adzangofuna pogona pofunda. Alamu, kadontho m'diso si umboni. Mwina galu wanga alibe n'komwe."

Mwina analibedi. Apa m'pamene panamuvuta Etelka. Anapita kuseri kwa nkhokwe ya udzu n'kuyamba kuimba mafoni kufunafuna mphongo ina. Mphongo yakuda ya ku Túrkeve inapezeka kuti ndi mdzukulu wa mlongo wake wa Szikra, magazi oyandikana kwambiri. Ina mwini wake anali m'chipatala. Yachitatu inali isanaunikidwe m'chiuno. Anabwerera pabwalo, anakhala pa benchi, anaimiriranso. Khofi amene mkazi wa Dezső anamuikira anazizira osamukhudza. Agalu awiriwo ankalirirana kudzera pa waya wa mpanda, ndipo kunena zoona, dzanja la Etelka linafika mpaka pa loko wa chipata.

Dezső ataona zimenezo anatsitsa mawu, poyesa kuti akumuthandiza.

"Tsegulani basi. Akabadwa woyera mudzandiitane ine. Chidebe cha madzi chilipo, inu simudzaona n'komwe. Bambo anu omwewo ankatero."

Zinali zoona. Etelka ali kamtsikana ankaona bambo ake akupita kuseri kwa khola la nkhosa atanyamula thumba, ndipo iye ankatseka makutu. Anachotsa dzanja pachipata.

"Ankaterodi, chifukwa analibe poyezetsa. Ine ndili napo. Bweretsani kathonjeko."

Dezső anapsa mtima. Anati chibadwire palibe amene ananyozapo galu wake pabwalo pake pomwe, ndipo pa nkhomaliro ya Lamulungu Etelka asayembekezere kumuona. Komabe anamugwira Bojtár kukamwa mpaka malovu anatengedwa. Szikra anachita kunyamulidwa kuti alowe m'galimoto, ndipo analira njira yonse. Masiku atatu otsatira ankakanda chitseko, osadya, Etelka naye akungolowa ndi kutuluka m'nyumba osadziwa chogwira.

Yankho linabwera patapita masiku khumi ndi asanu ndi limodzi. Dezső anabwera nalo yekha, ndipo munthu wolongolola uja anangopereka pepalalo. Bojtár analibe mawanga m'magazi. Ana onse akanabadwa abwinobwino.

Etelka anawerenga kawiri. Zinamupweteka kwambiri, ndipo sanabise misozi. Dezső anayang'ana pansi, kenako anafunsa ngati akudandaula.

"Ndikudandaula," anatero Etelka. "Koma chipata chija sindikanatsegulabe."

Szikra anadzuka pamthunzi n'kubwera kudzanunkhiza buluku la mlendoyo, lomwe linali ndi fungo la Bojtár lokhalokha. Ananunkhiza kamodzi, anayasamula, n'kubwerera kukagona.