Kabotolo Kosamatula

Wamaloto anatsegula firiji ya mu labotale, maso ake n'kugwera pa kabotolo ka chivindikiro chofiira. Kanali kodzaza, kosamatula. Mtima unangoti phwii.

M'kabotolomo munali ayironi, chakudya cha mabakiteriya amene iye ankaweta. Lolemba lapitalo anadyetsa kaye mbale zoyerekezera, zosathiridwa mankhwala atsopano, botolo lakale n'kutha. Akupita kukatenga latsopanoli kuti adyetse mbale zoyeserera, a Magalasi, wasayansi amene ankagwira naye ntchito, anamuimitsa, akununkhira sopo wa mandimu, n'kumukonza kolala ya gawuni. Zitatero mutu unauluka, ntchito n'kuiwalika.

Kumbuyo kwake anthu ankaombabe m'manja. Kwa zaka zitatu a Magalasi ankapanga asilikali a m'magazi oti azitseka pakamwa pa mabakiteriya osamva mankhwala, kuti azifa ndi njala. Lero m'mbale zoyeserera asilikaliwo munalibe ndi kamodzi komwe kamoyo.

"Iwe Wamaloto, wakwatiwa ndi firijiyo?" anafuula motero a Dokotala, mkulu wa labotale. "Bwera udzasangalale. Ndikuimbira akuluakulu pompano."

"Ndikubwera, mayi."

Analowetsa kabotolo m'thumba la gawuni n'kupita pa sinki. Kungomatula, kutaya pang'ono, basi. Akanadziwa ndani? Zala zinali kale pa chivindikiro pamene fungo la mandimu linamupeza.

"Mwatithawa bwanji?" anatero a Magalasi motsitsa mawu. "Popanda manja anuwa sindikanafika pano. Loweruka mudzandipatseko mpata, ndili ndi mawu amene ndawasunga nthawi yaitali."

Mawu amenewo Wamaloto anali atawalota chaka chathunthu. Lero anamuwotcha m'makutu. Anatulutsa kabotolo kaja n'kuwaikira m'manja, maso ali pansi.

"Sanafe ndi asilikali anu. Ndinawamana chakudya ndine."

A Magalasi anakatembenuza kawiri, n'kupapasa chivindikiro. Anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali, ngakhale anali oyera.

"Mwauzako ndani?"

"Inu nokha. Ndimafuna kukhuthulira mu sinkimu."

"Nanga chakuletsani n'chiyani?"

"Tsiku lina akanadzamubaya mwana wa munthu jekeseni ya asilikaliwa, mukukhulupirira bodza langa."

Kuseri kwa chitseko chagalasi, a Dokotala anali atanyamula kale foni, akumwetulira.

"Bodza lilibe miyendo," anatero a Magalasi. "Tiyeni tikawauze asanaimbe."

"Ndipita ndekha. Wolakwa ndine."

"Kolala ija anakonza ndani?"

Wamaloto anatembenukira ku chitseko. Nkhope inkangotentha ngati waiyandikiza pa moto. Anadutsa pakati pa anzawo amene ankasekabe, mmodzi mpaka kumusisita paphewa, iye osadzutsa mutu.

Pa chitseko a Magalasi anatambasula dzanja kuti agogode. Wamaloto anawalanda kabotolo kaja, n'kugogoda yekha.

"Mayi, taikani kaye foniyo pansi."

Za Loweruka palibe anazitchulanso. Koma Lolemba lotsatira anapeza mbale zatsopano zitandandalikidwa pa tebulo lake, pambali pali kabotolo kofiira ndi kapepala ka a Magalasi: "Muwadyetse. Ine ndiima patali."